Wotchi ija ndaichotsa m'kati mwa function

Mtima wakhala pansi tsopano. Nkhani yoyesa code yodalira nthawi, imene yandizunguza mutu teremu yonseyi, yalowa.

Za pytest ndi assert, zida zolembera ma test oyesera code ya Python, sindinenapo, anzanga mukuzidziwa. Kapulogalamu kamene ndikupangira gulu la banki m'khonde kuno ku Salima kamawerengera chindapusa munthu akapanda kubweza ngongole mwezi usanathe. Function (kachigawo ka code kogwira ntchito imodzi) ikamadziyang'anira yokha datetime.now(), imene imapereka tsiku ndi nthawi ya pakali pano, test imadutsa lero, mawa n'kugwa, code palibe waikhudza. Kuiphimba datetime.now() ndi mock.patch (chida choikira chinthu chabodza m'malo mwa chenicheni poyesa) mwachindunji nakonso Python imakana, poti datetime inalembedwa m'chiyankhulo cha C, osati mu Python.

Chimene chandimasula n'chakuti nthawi nayo ndi chinthu chopatsira, chimodzimodzi ndalama ya ngongole ija. Function isamapite kukafunsa wotchi, izingolandira. Pulogalamu ikamagwira ntchito mumaipatsa wotchi yeniyeni, poyesa mumaipatsa wotchi yoima pa tsiku limene mwasankha. Basi. Ndinaimika wotchi pa 29 Febuluwale 2028, n'kuona chindapusa chikudikira bwinobwino mpaka pa 1 Malichi. Kenaka ndinaiika pa 1 koloko usiku wa pa 1 Malichi nthawi ya kuno. Ife tili patsogolo pa UTC (nthawi imene dziko lonse limayezerapo) ndi maola awiri, ndiye seva, kompyuta yoyendetsa pulogalamuyi imene imatsata UTC, ikadali m'mwezi watha, munthu wochedwa akuoneka ngati wabweza pa nthawi yake. Ndalama za amayi zikanasokonekera pamenepo, koma test yazigwira masana dzuwa likuswa mtengo, osadikira pakati pa usiku.

Ena amakonda freezegun, chida cha Python choimitsira nthawi poyesa osasintha code. Imagwira, sindikana, koma kwa ine imangobisa matenda. Njira yopatsira wotchiyi ndiyo yokhayo yoyenera kuphunzitsa. A Java anaiika mu Java 8 mu 2014, pali Clock.fixed yochitira zomwezi.

Nanga aphunzitsi athu osatiuza bwanji? Anangoti tisinthe deti pa laputopu. Mukatero browser imayamba kukana mawebusayiti kuti ma certificate atha ntchito, ndiye mubwezerenso, bundle ikutha, magetsi nawo osadziwika kuti akhala mpaka liti. Phunziro lonse la testing linapatsidwa masana amodzi, m'kalasi motentha ngati muno mu Okutobala.

Pamene ndaima ndi pa database. Query (funso lopita ku database) ikakhala ndi NOW(), imene imatenga nthawi ku database komweko, wotchi yanga yoima ija siifikako. Kaya ndizitumiza nthawi kuchokera ku Python pa query iliyonse, kaya zimenezo n'kuchulutsa gaga m'diwa, sindinatsimikizebe.