Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Bokosi logwedera kamodzi kokha

M'gawo lapitali ndinafotokoza mmene ndinapezera ntchito yokonza mawebusayiti. Nditangoyamba, anandisiyira code (malangizo olembedwa oyendetsera webusayiti) ya munthu wina amene anali atachoka kale, ndipo vuto loyamba linkaoneka lachibwana. Munthu akalemba password yolakwika, bokosi lolembamo linkayenera kugwedera uku ndi uku ngati mutu wa munthu amene akukana. Linkagwedera ndithu, koma kamodzi kokha. Ukalakwitsanso kachiwiri, zii.

Abwana anangoti, "Ndi JavaScript imeneyo, taionani." JavaScript ndi chilankhulo cholembera code yochititsa zinthu pa tsamba. Ndinatsegula DevTools, zida zofufuzira mavuto a tsamba zimene zili mu Chrome, browser (pulogalamu yotsegulira mawebusayiti). Mu console, momwe mumaonekera zolakwika za code, munalibe error ngakhale imodzi. Script, code ya JavaScript ija, inkachotsa class yotchedwa shake (chizindikiro chouza browser kuti igwedeze bokosilo) n'kuibwezeranso pa mzere wotsatira, ndipo poiwerenga zonse zinkaoneka zolongosoka.

Nkhani inagona pa khalidwe la browser. Siijambula tsamba pakatha mzere uliwonse wa code. Imasunga kaye zosintha zonse, script ikamaliza m'pamene imawerengera style (maonekedwe a zinthu) n'kujambula, ndipo pa masikirini ambiri imatero maulendo 60 pa sekondi. Ndiye class ikachoka n'kubwerera nthawi yomweyo, browser pofika imapeza zinthu zili mmene inazisiyira. Kwa iyo palibe chasintha, nanga animation, kugwedera kuja, iyambirenji?

Mankhwala ake ndi kamzere kamodzi pakati pa mizere iwiri ija: kuwerenga offsetWidth ya bokosilo, ndiko kufunsa browser m'lifupi mwake. Kuti iyankhe m'lifupi mwake, browser imakakamizika kuwerengera style ndi layout (malo ndi kukula kwa zinthu pa tsamba) pompopompo, ndipo m'pamene imazindikira kuti class ija yachoka. Anzathu a ntchitoyi amati kukakamiza reflow. Ndinalemba comment yaitali pamwamba pake, chifukwa kamzereka kamaoneka kopanda ntchito, wina wokonda ukhondo angakafufute mawa lomwe.

Abwana anasangalala, ine mtima sunakhale pansi. Reflow yokakamiza ikachuluka imalemetsa tsamba, makamaka pa mafoni ochepa mphamvu. Patapita nthawi ndinasiya za class n'kuyamba kugwiritsa ntchito element.animate() ya Web Animations API (njira ina ya browser yoyendetsera animation), imene imayambitsa animation yatsopano nthawi iliyonse ukaiitana, popanda kunyengerera browser.

Sabata lomwelo anandipatsanso menu imene inkangotulukira mwadzidzidzi m'malo motsetsereka pang'onopang'ono, chifukwa inkachokera pa display: none, lamulo lobisa chinthu kotheratu. Imeneyo ndi nkhani ya gawo 15.