Mmene ndinakonzera makina anga a CNC asanavulaze munthu pakhomo

Makina a CNC, osema motsogoleredwa ndi kompyuta, anafika m'katoni ali zidutswazidutswa: zitsulo za aluminiyamu, timamota titatu ta NEMA 17, mota ya 775 yozungulitsa biti (kachitsulo kakuthwa kosemera), kabodi ka GRBL kolamulira mamota ndi thumba la mabawuti. Ndi aja amtundu wa 3018, dzina lochokera pa kukula kwa malo amene amasema, mamilimita 300 m'litali ndi 180 m'lifupi. Ndinawagula pa intaneti kuti ndizisemera mayina pa zikwangwani zapakhomo ndi zokolekera makiyi. Ndinamanga Loweruka lonse, Lamlungu masana ndinapanira kathabwa ka paini n'kuyamba.

Sipanathe mphindi zisanu. Biti inazama kupyola muyezo, inaboola thabwa n'kuthyoka, ndipo kachidutswa kake kanakagunda khoma pafupi ndi pamene mwana wanga wamkazi anaima akuonerera. Dzanja langa linafufuza batani lozimitsira, koma panalibe. Ndinachita kuthamangira kukhoma kukazula pulagi. Usiku umenewo tulo sitinabwere, ndipo ndinatsimikiza kuti makinawo salira kufikira nditawayendera paliponse.

Ndinayamba ndi chimene chinathyola biti. Mota iliyonse imalumikizidwa ku chitsulo chachitali chamazinga choyendetsa makina ndi kachitsulo kotchedwa coupler, mbali ina mamilimita 5, ina 8, ndipo kamagwira ndi timabawuti tating'onong'ono. Ka mota yokweza ndi kutsitsa biti kanali kolefuka. Mota inkazungulira kuti ikweze, biti osakwera, kenako potsikanso inkangowonjezera kuzama. Ndinamasula tonse titatu, ndinaonetsetsa kuti kabawuti kakukhala pamalo ophwatalala a shafuti ya mota, ndinadonthezapo guluu wa mabawuti n'kumanga. Pa coupler iliyonse ndinalembapo kamzere ndi maka kuchoka pa shafuti, kuti ikayamba kuterereka ndizionera ndi maso.

Kenako batani lofiira ladzidzidzi. Ndinagula lamtundu umene umakhala wotseka nthawi zonse, loti waya wake akangoduka makina amazima okha, ndipo ndinaliika pa waya wobweretsa mavoti 24. Lili kutsogolo kudzanja lamanja, poti ndingalimenye osayang'ana. Apa pali chinthu chimene chinandisokoneza poyamba: mukalimenya, mamota amaima, koma kabodi kanga kamakhalabe ndi moyo chifukwa ka USB ya laputopu, ndiye kamapitiriza kuwerenga ngati ntchito ikuyenda. Mukayatsanso, malo amene kompyuta ikunena si malo amene biti ili. Muyenera kuimitsa ntchito mu Candle, pulogalamu ya pa laputopu yolamulira makina, ndi kuyambira poyambira. Magetsi akathima pakati pa ntchito vuto limakhala lomweli, ndipo kwathu kuno sizichitika kamodzi.

N'chifukwa chake ndinaika timaswichi takumapeto, timene m'katoni munalibe. Popanda ito makinawa sadziwa kuti njira yatha. Amangokankha chitsulo mota ikukukuta. Nditamanga timaswichi ndinalemba m'makonzedwe a GRBL $22=1 kuti makina azipeza okha poyambira, ndi $21=1 kuti aziima akagunda kumapeto. Mavuto anayambira pomwepo. Ndikangoyatsa mota ya biti, pakompyuta pankabwera ALARM:1 popanda chogunda, nthawi zina USB n'kudukiratu. Zinandidyera masiku atatu. Mota ya 775 ili ndi mabulashi amene amathetheka mkati, ndipo phokoso lamagetsi limenelo limalowa m'mawaya oyandikana nawo. Ine ndinali nditamanga mawaya onse mtolo umodzi kuti azioneka bwino. Ndinawalekanitsa, a mota kwawo, a timaswichi kwawo, ndinawotcherera kapasita ya 0.1µF pa miyendo iwiri ya mota, ndinasinthanso chingwe cha USB ndi chachifupi chokhala ndi kachotupa ka ferrite kochepetsa phokosolo. Alamu yabodza sinabwerenso.

Za kulondola kwa muyezo sizinavute. Ndinalamula makina kuti ayende mamilimita 100, ndinayeza ndi rula yachitsulo, ndipo masitepe a mota 800 pa milimita imodzi amene anali pa $100 ndi $101 anali olondola. Ndinaphunziranso kuti collet ya ER11, imene imapana biti, imayamba yalowa mu nati yake mpaka kumveka kuti "tha", biti pambuyo. Mukasemphanitsa, biti imakhala yopendekeka ndipo imapukusa.

Chimene chinandiopsa koposa chinabwera nditagula mota yamphamvu ya mawati 500. Bokosi lake lamagetsi ndi lachitsulo chamabowo, ndipo pomangira mawaya pali poyera: apa mavoti 230 ochokera kukhoma, pambali pake magetsi opita ku mota ofika mavoti 100. Chala cha mwana chikhoza kufikapo bwinobwino. Chingwe chake chinali cha mapini awiri, pamene masoketi athu ndi a atatu, ndipo tonse timadziwa zotokosa bowo lapamwamba ndi cholembera kuti pulagi ilowe. Apa sindinadzidalire. Ndinaitana bambo wina wazamagetsi wa m'dera lathu. Atangoona anati, "Achimwene, ichi musachiyatse chili chonchi." Anaika pulagi ya mapini atatu yokhala ndi fyuzi, anamanga waya wa earth ku bokosilo ndi ku zitsulo za makina, anayeza ndi mita kuti zonse zalumikizanadi, ndipo bokosi lonse analitsekera m'kabokosi kena kapulasitiki kokhala ndi polowera mphepo. Batani lofiira analisamutsa kuti lizidula magetsi a mamota onse, ya biti yomwe.

Fumbi ndinalipeputsa kwa nthawi. Utuchi wa paini umaoneka, koma MDF, thabwa lopangidwa ndi utuchi wopanikiza, imatulutsa fumbi losalala ngati ufa woyera, lokhala ndi guluu wa formaldehyde, ndipo m'mawa mwake ndinkalipeza pa mabuku a ana m'chipinda china. Bungwe la IARC, lomwe lili pansi pa WHO, linaika fumbi la matabwa m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa. Ndinasamutsira makina pakhonde lakuseri, ndinawakhomera bokosi la pulayiwudu lokhala ndi zenera lapulasitiki yolimba kutsogolo, ndipo ndimavala masiki a FFP2 ndi magalasi oteteza maso ngakhale chitseko chili chotseka. Tsiku lina biti yobuntha inayamba kupsereza m'bawa, utuchi uli mumzere n'kuyamba kufuka. Ndinamva fungo chifukwa ndinali nditakhala pomwepo. Kuchokera tsiku limenelo, ndikafuna kuchokapo ngakhale kukamwa madzi, ndimayamba ndaimitsa ntchito.

Mlungu wathawu ndinasema dzina la mwana wanga pa kathabwa ka mlombwa. Anaonerera pa zenera lija, atavala magalasi anga aakulu, ndipo zitatha ndinamuuza kuti adine yekha batani lofiira kuti adziwe pamene lili.