Chiperoni chadutsa tikugona kwathu, zikomo nonse

Dzulo ndinatsegula kabuku ka kuchipatala ka mnyamata wanga wa zaka 13. Chaka chatha, kuyambira Meyi kufika Ogasiti, tinagonekedwa kanayi chifukwa cha mphumu. Chaka chino chiperoni chabwera, chaphimba phiri la Ndirande, chapita, ife tikugona pakama pathu. Ndiye ndati ndisakhale chete, pali anthu ofunika kuwathokoza pagulu.

Ndiyambe ndi achimwene a kabaza a pafupi nafe. Kangati kodi ndinakugogoderani pakati pa usiku, mwana chifuwa chikulira ngati likhweru, nthiti zikulowa m'kati, akulephera kumaliza ngakhale mawu akuti "amayi"? Simunayambe mwafunsa za ndalama tisanafike. Mulungu akudalitseni.

Kwa anamwino amene munamuika pa okosijeni ndi pa makina a nthunzi aja maulendo onsewo, zikomo. Koma kuthokoza kwanga kwakukulu kupite kwa adokotala amene paulendo wachinayi anakoka mpando, nakhala pansi n'kundifunsa kuti, "Mayi, inhela ya bulauni ija ili kuti?" Ndinachita manyazi. Inali m'dirowa, yosatsegula n'komwe. Kumudzi ndi kumpingo ndinkangomva zoti mwana akayamba inhela ya tsiku ndi tsiku sadzasiyanso, ati imafooketsa mtima. Choncho tinkangodalira ya buluu, salbutamol, akabanika basi. Imodzi imakhala yopopa ka 200, koma kwathu sinkatha mwezi. Isanabwere imeneyo tinkamupatsa mapiritsi a salbutamol, omwe ankamunjenjemeretsa manja, mtima n'kumagunda ngati ng'oma.

Adokotalawo sanandikalipire. Anajambula papepala timachubu ta mpweya ta m'mapapo, n'kundiuza kuti mwa mwana wa mphumu timachubu timeneti timakhala totupa m'kati ngakhale tsiku lomwe akuseka ndi kuthamanga. Inhela ya buluu imangomasula minofu yomwe yatifinya, kwa maola ochepa, koma kutupako siikukhudza. Ya bulauni, beclometasone, ndiyo imaphwetsa kutupako pang'onopang'ono, ndipo phindu lake limaoneka patadutsa masabata, akamapopa m'mawa ndi madzulo osadumphitsa. Anati mwana akamafuna ya buluu koposa kawiri pa sabata, kapena akamadzuka usiku ndi chifuwa, ndiye kuti mphumuyo sinagonje. Wanga ankaifuna tsiku lililonse, ine n'kumati tikuyendetsa bwino.

Kenaka anamuuza kuti apope iwo akuona. Abale, zaka zonsezi mankhwala ankathera palilime ndi pakhosi! Namwino anatenga botolo lapulasitiki la 500 ml, n'kuliboola kumatako kuti inhela ilowe mothina. Umayamba wakhutchumula inhela, n'kupopa kamodzi m'botolo, mwana n'kupuma kasanu kapena kasanu n'kamodzi kukamwa kwa botololo. Kupopa kwachiwiri kumadikira kuti koyambako kuthe. Ine ndinaseka, ndinkaona ngati n'zongotitonthoza ife osauka. Namwinoyo anati madokotala a ku Cape Town anayesa botolo lotere pa ana, ndipo mu 1999 anasindikiza zoti limagwira ntchito mofanana ndi chipangizo chogula m'sitolo. Akamaliza ya bulauni amachukucha m'kamwa n'kulavula, kuopa tizilonda toyera palilime.

Ndinafunsa kuti nanga zikakanika? Anati choyamba amaona ngati mwana akupopa molondola komanso osadumphitsa, chifukwa nthawi zambiri vuto limagona pamenepo. Zikapitirira amakweza mlingo, kapena kumusinthira ku inhela yophatikiza budesonide ndi formoterol, yomwe kuyambira 2019 bungwe la padziko lonse loona za mphumu la GINA limalimbikitsa kwa a zaka 12 kupita m'tsogolo. Palinso mapiritsi a montelukast. Prednisolone anati ndi wa masiku ochepa mwana akabanika kwambiri, si womwa mwachizolowezi. Ife kumeneko sitinafikeko, ya bulauni ndi botolo zatikwanira.

Agogo ake, amayi anga, ndikuthokozeni mwapadera. Inu ndi amene munkakana kwambiri, mpaka munabwera ndi mizu yochokera kumudzi. Koma mutaona mdzukulu wanu akugona tulo mpaka tambala kulira, munasanduka wapolisi wa inhela. Panopa mukangoimba foni funso loyamba ndi lakuti, "Wapopa?" Bambo ake nawonso zikomo. Kusiya fodya sikunali kophweka, ndinkakuonani mukuvutika, koma munapirira. Mbaula tsopano imayaka panja ngakhale kuzizire bwanji, koyilo ya udzudzu tinasiya, tikugona m'masikito, ndipo posesa timayamba tawaza madzi. Kamphaka kathu kanapita kwa azakhali ake, achemwali ake aang'ono analira masiku awiri.

Aphunzitsi ake, inu munaona chimene ine sindinkachiona. Mnyamata wa msinkhu uwu amaopa kusekedwa kuposa kubanika. Ankabisa inhela m'sokosi, n'kumakapopera kuchimbudzi, mwinanso osapopa n'komwe. Munayankhula ndi kalasi yonse osamutchula dzina, munamuchotsa pa ntchito yofufuta choko pabolodi, koma mpira simunamuletse. Pamenepo munandigwira mtima, chifukwa ine ndinali nditamuletsa kale chilichonse, ngakhale kuthamanga popita kugolosale.

Amayi a kumpingo amene munkabwera ndi phala ndi nsima kuwodi, ndi inu amalume ake amene munatigulira inhela ku famase mwezi umene kuchipatala inatha, sindingakubwezereni.

Mphumuyo sinathe ayi, ndipo adokotala ananenetsa kuti tisasiye mankhwala patokha, adzachepetsa ndi iwo akaona kuti papita miyezi itatu zinthu zili bwino. Pakhoma tinamata pepala lomwe anatilembera, lonena zochita akayamba kubanika ndi nthawi yothamangira kuchipatala osadikira kuti kuche. Loweruka lapitali anasewera mpira pabwalo lafumbi lija mpaka dzuwa kulowa, inhela ya buluu ndi botolo lake zili m'chikwama pambali pa golo. Anabwera ali mbuu, bondo litasupuka, akufunsa ngati nsima yapsa.