Ati ma Dwemer anali Achewa

Loweruka lapitali magetsi anapita masana tili atatu mu kashopu ka mnzanga wokonza mafoni kuseri kwa msika wa Kapata kuno ku Chipata, batile ya laputopu yake ili pa 30, ife tikungosewera kudikira kuti izime yokha. Gemu ndi yomwe ija ya Skyrim, inatuluka mu 2011 koma ife mpaka lero sitinaitaye, kaili ndi yokhayo imene kalaputopu kotopa kaja kamanyamula osatentha ngati mbaula. Msuweni wanga ndiye anali pampando, walowa m'mabwinja a ma Dwemer, aja okhala pansi pa nthaka opanga makina, amene anangosowa mtundu wonse nthawi imodzi. Pa sikilini n'kutuluka dzina la malowo, Mzinchaleft.

Basi iye kuimitsa gemu. Ati werengani bwinobwino apa, Mzin, si mzinda uwu? Ife kuseka koma iye nkhope yomanga, wayamba kuwerenga ndi zala. Ati kuli Mzulft, imeneyo ndi Mzuzu kapena Mzimba. Kuli Nchardak ku Solstheim, Nchalo yeniyeni. Pansi pa Markarth pali Nchuand-Zel. Ati mzungu angayambe bwanji liwu ndi mz olo nch ngati sanamvepo wina akulankhula Chinyanja, pakamwa pawo paja zimenezi sizituluka.

Mwini shopu anali akuwotcherera kawaya ndi ka gasi, sanadzutse n'komwe mutu. Ati chabwino mudala, nanga Irkngthand ndi mudzi wa mfumu iti? Bthardamz ali ku Chadiza kapena ku Vubwi? Raldbthar? Ati iwe wasankha anayi amene akukukomera m'khutu, ena onsewo wawalumpha ngati matope.

Apa ine ndinali mbali ya mwini shopu, sindibisa. Mayina a ma Dwemer anawapanga kuti akhale ovuta kutchula, zilembo zingopanikizana ngati anthu mu minibasi ya ku Mwami, kuti ukangoona udziwe kuti awa sanali anzathu. Ndiye ukasakaniza m, z, n, ch, th kambirimbiri, penapake udzagunda liwu lomveka ngati lathu, si zamatsenga ayi. Komanso lathu limathera pa a, e, i, o, u nthawi zonse, palibe M'chewa angasiye dzina lili lende pa ft. Opanga gemuyi ali ku Maryland ku America, ndipo dzina lawo lomwe la Bethesda analitenga ku tauni kumene kampaniyo inayambira mu 1986, tauniyo nayo inalitenga ku katchalitchi kotchulidwa thamanda lija la mu Yohane 5. Msuweni anangoti ameneyo ndi umboni woti amakonda kubwereka mayina. Munthu ameneyu sumupambana.

Mayina ena alibe nkhani. Riverwood ndi mudzi wocheka matabwa pamtsinje, Whiterun ili pafupi ndi White River, Winterhold kumazizira, basi tapita. Markarth, Karthwasten ndi Karthspire onse ali m'dera la mtsinje wa Karth, olo mwana angaone.

Koma pamene tinakhalitsa ndi pa Dragonsreach, nyumba ya Jarl, mfumu ya mzindawo, pamwamba pa Whiterun, ndipo apa ndi pamene ndimaipatsa ulemu gemuyi. Anthu a mu Whiterun adzakuuza kuti dzinali linabwera chifukwa Olaf One-Eye anamenyana ndi chinjoka Numinex pa phiri la Anthor, n'kuchigonjetsa, n'kudzachitsekera m'nyumbamo mpaka chinafa, ndipo chigaza chija chili pamwamba pa mpando wa Jarl amati ndi chake. Nkhani yabwino, ya kumudzi kwa opambana. Manje pita ku Solitude, kumeneko oyimba a ku Bards College chaka ndi chaka amawotcha chidole cha Olaf yemweyo, ati anali wabodza. Mlakatuli wina, Svaknir, analemba ndakatulo yomunyoza, Olaf n'kumutsekera ndi kulamula kuti ndakatuloyo iwonongedwe. Iwe ukakaipeza kumanda ku Dead Men's Respite umapeza mizere ina yafufutika, ndiye chimene chimandipha ine n'chakuti mkulu wa sukuluyo, Viarmo, amangoti tiye tidzazemo zathu. Umasankha wekha bodza loti ulembe, mpaka ungathe kunena kuti Olaf iye mwini ndiye anali Numinex atavala thupi la munthu, ndipo amakawerenga pamaso pa Jarl Elisif anthu n'kumvera ngati mbiri yeniyeni.

Msuweni ati ndiye kuti chinjokacho kunalibe. Mwini shopu ati chinalipo, Paarthurnax, chinjoka china chokalamba cha mu gemumo, amanena yekha kuti ankapita kukachiona chili mu ukaidi, chitasokonezeka mutu mpaka kuiwala dzina lake. Ati choncho funso si loti chinalipo, funso ndi loti anachigwira mwachamuna kapena anachipeza chili kale chofooka. Apa tinakangana mpaka kasitomala wina wobwera kudzatenga foni yake anaima pakhomo kumvetsera, akuganiza kuti tikukamba za ufumu wa kwinakwake kuno.

Ine maganizo anga ndi akuti dzina lililonse mu gemu lili ndi makolo awiri. Pali munthu wa pa desiki amene analilemba mwina akuthamangira kuweruka, ndiye pali nkhani imene anthu a mkatimo amakamba. Msuweni amafuna kugwira wa pa desikiyo, koma ameneyo sitimufika. Ine chondikomera ndi chachiwiricho, makamaka pamene olemba asiya dala nkhani ziwiri zosagwirizana. Tamriel yeniyeniyo, dziko lalikulu limene muli Skyrim, pena amati tanthauzo lake ndi kukongola kwa m'bandakucha, pena amati mtima wa nyenyezi, zikutengera chilankhulo cha amene wamufunsa.

Ndiye kasitomala uja, bambo achikulire ndithu, anangoti nanga inu Chipata mudziwa kumene inachokera? Tonse atatu pamodzi, chipata, polowera, kaili tili pakhomo la Malawi ndi njira ya ku Mfuwe. Iwo kupukusa mutu. Ati ena amati ndi liwu la Angoni, chimpata, malo aakulu otambalala pakati pa mapiri, kwera pa phiri la Kanjala uyang'ane pansi udzaona wekha. Mwini shopu ndi M'chewa wa ku Katete, msuweni amayi ake ndi a ku Mtenguleni kwa Angoni, ndiye mungoganiza mmene zinathera. Olaf anaiwalika pomwepo. Tauni yomwe tinabadwiramo, imene kale inali Fort Jameson kutengera Leander Starr Jameson, ndipo ife akatswiri a Mzinchaleft sitinagwirizane olo pang'ono. Koma dzina la komboni ya Nabvutika palibe anatsutsa, imeneyo imadzifotokoza yokha.

Madzulo ndinakafunsa ambuya kunyumba, ndinawapeza akusenda nshawa pa mphasa. Ndati ambuya, dzina loti Chipata linachokera kuti? Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti iwo ali mtsikana akachoka kumudzi ankangoti tikupita ku Boma, zinazo afunseni amene analemba pa chikwangwani. Kenaka ati bwera undithandize kusenda m'malo mofunsa za ziii.

Laputopu inazima tili pa Chipata paja, osaseva, moti Mzinchaleft yonse tiyambiranso Loweruka likubwerali. Msuweni wanditumira kale meseji usiku, ati wapeza ina yotchedwa Avanchnzel, ati ndimvetsere bwino kumapetoko ngati sindikumva nzeru.