Msana wanga ndi ngongole ya chilimba

Miyezi itatu ndakhala ndikudandaula msana ndi khosi. Tsiku lonse ndimawerama pa makina osokera ku Kamwala mu Lusaka, madzulo n'kupanikizana mu minibasi mpaka ku Chilenje. Panado ndinamwa mpaka kutopa naye.

Loweruka alamu anga ananditengera kwa mayi ena a ku Kabwata amene amasisita thupi. Anayamba ndi kundithowa ndi nsalu yoviika m'madzi otentha, monga ankachitira agogo kwathu ku Katete, kenako mafuta, zala zawo zikufunafuna pamene mnofu wauma. Atafika pamapewa ndinakuwa, abale! Iwo osaseka, anangofunsa: "Amayi, mumagona maola angati? Chikukudyani mumtima n'chiyani?"

Ndinangopezeka ndikulira, ndikufotokoza za ngongole ya chilimba (gulu losonkherana ndalama n'kumalandira mosinthana) ndi lendi ya nyumba. Akuti munthu ukamada nkhawa umakweza mapewa osadziwa, minofu n'kukhala yokungika tsiku lonse.

Anandipatsa zochita: kuimirira ola lililonse, kupuma mozama kasanu, ndi kulemba ngongole zonse papepala (ichi ndiye chowawa kuposa zala zawo zija). Anandiuzanso kuti ndikapimitse BP ku kiliniki, poti kusisita sikuchiza zonse. Lolemba ndipitako. Khosi tsopano likutembenuka ndithu.