Tsiku lomwe ndinakayezetsa mafuta a m'magazi

Ine ndine wochepa thupi, choncho adokotala atalemba m'kabuku kanga ka kuchipatala kuti ndikayezetse mafuta a m'magazi, ndinaseka. Mafuta ake ati? Iwo sanaseke. Anandikumbutsa kuti BP yanga ndi yokwera, zaka 45 ndinadutsa, komanso bambo anga anamwalira ndi matenda a mtima. Anati mafutawa saonekera pamimba ayi, amakanirira m'kati mwa mitsempha yopereka magazi ku mtima, njira n'kumachepa mwiniwake osamva kalikonse.

Anandiuza kuti ndisadye kwa maola 9 mpaka 12. Nsima ndinadya 7 koloko madzulo, m'mawa madzi okha. Mayi a kunyumba anali atathira kale tiyi, ndinangomuyang'ana.

Kulabu sikunachedwe. Anandimanga lamba pamkono, ndinafumbata chibakera, singano n'kulowa, magazi pang'ono m'kabotolo, thonje, basi. Chomwe chinanditengera nthawi ndi pepala la zotsatira, lomwe ndinakatenga mawa lake.

Panali mizere inayi, manambala ake mu mmol/L, muyeso wa kuchuluka kwa mafutawo m'magazi. Ine maso anathamangira pamzere woyamba, wa kolesterolo yense (kolesterolo ndi mtundu wa mafuta a m'magazi): 5.8, pomwe amafuna asapitirire 5. "Bambo, musayambire pamenepo," anatero adokotala, chala chili pamzere wachiwiri, wa LDL. Anafotokoza kuti mafuta sasungunuka m'magazi, ndiye amayenda atakutidwa ndi mapuloteni, ngati katundu m'galimoto. LDL ndi amene amanyamula kolesterolo kuchoka ku chiwindi, ndipo akachuluka amamutaya m'makoma a mitsempha. HDL amatola wotsalayo kubwerera naye ku chiwindi. LDL wanga anali 4.1, pomwe amafuna akhale pansi pa 3. HDL anali 0.9, koma kwa mwamuna ayenera kupitirira 1. Wotaya zinyalala wachuluka, wosesa wachepa.

Mzere wachinayi, wa mtundu wina wa mafuta wotchedwa triglycerides, unali 1.7, pamalire penipeni. Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chondikaniza tiyi uja: nambala imeneyi imakwera munthu akangodya, ndipo ma labu ambiri sayeza LDL mwachindunji, amachita kuwerengetsera kuchokera pa manambala atatu enawo. Ukadya mandasi panjira, wasokoneza masamu.

Sanandiuze kuti ndili ndi matenda a mtima. Pepalalo limangoloza kukula kwa chiopsezo, ndipo analiwerenga pamodzi ndi BP, shuga, zaka zanga komanso ngati ndimasuta fodya. Sindisuta, koma za chiwaya cha pa ntchito ndinaulula ndekha: tchipisi ndi kanyenya wa nkhumba pafupifupi masana aliwonse.

Tinagwirizana kuti ndiyambe nyemba, usipa, masamba otendera, ndi kuyenda mphindi 30 tsiku lililonse. Pakatha miyezi 3 ndikayezetsenso, ndipo LDL akapanda kutsika, andiyambitsa mapiritsi otsitsa kolesterolo a atorvastatin. Mnyamata wa pachiwaya uja wandifunsa kale kawiri ngati tinayambana.