Lachitatu: tsiku losumira khansala

Ndinaweruka ntchito ya usiku cha m'ma 8 koloko m'mawa, kunja kukuwaza kamvula kaja ka ku England kolowa mpaka m'mafupa. Mtima wonse unali pa bulangete. Ndisanavule n'komwe nsapato, foni inalira. Anali amayi ena akumpingo kwathu, amene anandisunga miyezi iwiri nditangofika kuno.

"Mwana wanga, ukadzuka ubwere ndi kompyuta yako ija. Pali munthu ndikufuna kumusumira."

Nkhani yake ndi iyi. Mwezi watha anapita kumsonkhano wokambirana za holo imene timapempheramo, poti khonsolo ikufuna kuitseka. Ataimirira kuti afunse funso, khansala wina anawadula pakamwa n'kunena pagulu kuti Chingelezi chawo sichikumveka, akhale pansi. Ena anaseka. Amayiwatu agwira unamwino m'dziko muno zaka zoposa 20, ndipo odwala awo onse ankawamva bwinobwino.

Ndinafika masana, ndinapeza nsima yapsa kale, ndiwo yake usipa wobwera m'sutikesi ya wina wochokera kumudzi. Titasamba m'manja tinatsegula fomu. Apa m'pamene tinakhalitsa. Dandaulo silipita kwina kulikonse koma kwa mkulu wa pakhonsolo pomwepo, amene amamutcha monitoring officer, kawirikawiri amakhala loya. Iyeyo ndi amene amaona ngati nkhaniyo ili yoyenera kufufuzidwa. Lamulo limati khonsolo ikhalenso ndi munthu mmodzi wapadera, wosakhala khansala kapena wantchito wawo, woti azifunsidwa maganizo asanagamule. Kufunsidwa maganizo basi, chigamulo si chake.

Amayi anavula magalasi. "Akamupeza wolakwa amuchotsa?"

Ndinawayankha kuti ayi. Sangamuchotse, sangamuimitse ngakhale tsiku limodzi. Angathe kumudzudzula poyera, kumuchotsa m'makomiti, kumupempha kuti apepese kapena apite kukaphunzitsidwa khalidwe. Akakana kupepesa, mawa lake akhalabe pampando wake, ndalama yake ya ukhansala n'kumalandirabe.

"Khoswe wakhala pamkhate," anatero amayi, n'kuvalanso magalasi.

Sizinali choncho kale, ndipo izi ndinazidziwa chaka chatha pothandiza mnzanga wina nkhani yofanana nayo. Lamulo la 2000 linakhazikitsa bungwe la Standards Board for England, ndi malamulo a khalidwe ofanana m'makhonsolo onse. Khansala wolakwa ankatha kuimitsidwa, ndipo pamlandu waukulu ankaletsedwa ukhansala mpaka zaka 5. Boma la David Cameron litalowa mu 2010, nduna yoona za maboma aang'ono, a Eric Pickles, ndi anzawo anati bungwelo lasanduka bwalo la miseche, makhansala akungosumirana tinkhani ta zii pofuna kuipitsana mbiri. Lamulo la Localism Act la 2011 linalithetsa, ndipo kuyambira 2012 khonsolo iliyonse imadzilembera malamulo ake, bola agwirizane ndi mfundo 7 za khalidwe la anthu a maudindo zimene komiti ya a Nolan inalemba mu 1995, zija za kukhulupirika, kuchita zinthu poyera ndi zina zotero.

Kunena chilungamo, a Pickles sankanama pa za misechezo. Koma pochotsa udzu anazula ndi chimanga chomwe. Pamene anasiyapo mano ndi pa ndalama pokha. Khansala akabisa bizinesi yake, malo ake kapena ntchito ya mkazi wake, osazilembetsa pasanathe masiku 28 atalowa ukhansala, kapena akavota pa nkhani imene apindula nayo, umenewo ndi mlandu wa kupolisi, ndipo khoti lingamuletse ukhansala mpaka zaka 5. Koma kunyoza mayi wachikulire pagulu, kuopseza kalaliki wa khonsolo mpaka kusiya ntchito, zimenezo chilango chake ndi kalata. Ku Wales ndi ku Scotland, kungodutsa malire, mphamvu yoimitsa khansala idakalipo.

Komiti yoona za khalidwe la anthu a maudindo inanena kale mu Januwale 2019 kuti mphamvu yoimitsa khansala mpaka miyezi 6 ibwerere. Boma linatenga zaka zitatu kuti liyankhe, yankho lake n'kukhala lokana. Mu Disembala 2024 boma la Labour linayambanso kufunsa anthu maganizo pa nkhani yomweyo, kuphatikizapo malamulo amodzi okakamiza makhonsolo onse. Ndinawafotokozera amayi zonsezi, iwo akungopukuta tebulo loyera kale.

Kenaka anaseka. Anandikumbutsa kuti kwathu ku Malawi tinakhala opanda makhansala kuchokera 2005 mpaka 2014, ndiye wakumusumira panalibe n'komwe. Ndinaseka nawo, ngakhale kuti zaka zimenezo mjigo wa kwathu utawonongeka tinkasowa poyambira.

Fomu tinailembabe. Tsiku, malo, mawu enieni amene ananena, anthu awiri amene anamva ndipo avomera kuchitira umboni. Pali funso lina lofunsa chimene wodandaula akufuna chichitike. Amayi anakhala chete nthawi yaitali, tiyi mpaka kuzizira. Kenaka anati ndilembe kuti apepese mu holo momwemo, pamaso pa anthu omwewo, osati pa imelo.

Nditadina batani lotumizira, ndinawafunsa ngati analembetsa m'kaundula wa mavoti, poti ife a mayiko a Commonwealth okhala kuno movomerezeka timaloledwa kuvota. Anati anasiya kalekale kutsegula makalata amenewo. Tinawafufuza m'kabati, pansi pa mabilu a gasi, tinapeza atatu osatsegula. Tinalembetsa pa intaneti, sizinathe ndi mphindi 10 zomwe.

Basi ya 6 koloko inandisiya. Ndikulemba izi ndili pa siteji, kontena ya usipa wotsala ili m'chikwama, ndipo 8 koloko ndikuyambanso ntchito.